Bwalo la a Jumbe ku Linga: adaligwetsa ndani?

Mu 2011 Malawi idapereka ku UNESCO malo amene akapolo ankadutsamo kuti aganiziridwe kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Ena mwa malowa ali ku Linga, ku Nkhotakota, ndipo anthu sagwirizana pa za bwalo la a Jumbe, mafumu a Chiswahili amene ankalamulira kumeneko m'mbali mwa nyanja. Ena amati lisungidwe popeza Chisilamu ndi mpunga zidalowera pamenepo. Ena amati kulisamala n'kulemekeza munthu wogulitsa anzake.

Woyamba kumanga pamalopa adali Jumbe woyamba, Salim bin Abdullah, Mswahili amene adafika cha m'ma 1840 m'dziko la mfumu Malengachanzi. Zombo zake zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi anthu kupita tsidya lija, kenaka ulendo wa pansi mpaka ku Kilwa. Alendo amauzidwa kuti akapolo 20,000 ankachoka pano chaka chilichonse. Chiwerengerochi n'chofunika kuchisamala. Chimene Livingstone adalemba ndi 19,000, adachimva kwa Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, ndipo chinkanena za dera lonse la nyanja, anthu owerengedwa ku Zanzibar. Amene adafera m'njira ali m'goli sadalowemo.

Zoti mu 1863 Livingstone adakumana ndi Jumbe pansi pa mkuyu n'kudzudzula malonda a akapolo, ana asukulu amazidziwa kale. Adalankhula, n'kupita, malonda n'kupitirira.

Pamene zinthu zidatembenukira ndi mu 1889. Harry Johnston, kazembe wa Britain, adafika akufuna bwenzi lamphamvu panyanja Apwitikizi asadamutsogolere, ndipo Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, adasaina naye pangano. Adalandira mbendera ya Angerezi ndi malipiro a chaka ndi chaka, iye n'kulonjeza kusiya ukapolo. Ndiye kuti munthu amene banja lake lidalemera ndi malonda a anthu adasanduka mnzake wa boma lomwe linkati likuthetsa malondawo, mpaka kulithandiza pa nkhondo zake. Zolemba za azungu a nthawiyo zimamuyamikira kwambiri, koma tikumbukire kuti olembawo ankamufuna.

Atamwalira mu 1894, ubwenziwo udapita naye. Wolowa m'malo mwake, Mwinyi Kheri, sadakhalitse: adamuimba mlandu wakupha n'kumuthamangitsira ku Zanzibar. Mlanduwo timaumva kuchokera kwa omwewo amene adatenga ulamuliro pambuyo pake. Boma lidakhazikika, amishoni a Anglican adamanga tchalitchi cha All Saints, ndipo Bishopu Chauncy Maples, amene adamira panyanja mu 1895, adaikidwa pomwepo.

Maina a a Jumbe alipo, a Johnston ndi Maples aliponso. Achewa a m'midzi yozungulira, amene ena adathawira kwa Jumbe poopa Angoni pomwe abale awo ankakwezedwa m'zombo zake, ndiwo amene mabuku sawatchula. Zidzukulu zawo zikamakayika za kukonzanso bwaloli, n'zovuta kuzinena kuti sizikonda mbiri.