Katemera wa malungo ku Mangochi: chifukwa chiyani majakisoni anayi, ndipo mbewa zikulowapo bwanji?

Mangochi ndi limodzi mwa maboma 11 omwe anayamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S mu 2019, chaka chomwe Malawi, Ghana ndi Kenya anakhala mayiko oyamba kumupereka kusikelo. Poyamba ankaperekedwa m'madera ena okha a bomali, ndipo kumapeto kwa 2022 anafikira madera otsala. Lamulo lake ndi la majakisoni anayi. Atatu oyamba makolo savutika nawo, koma wachinayi ndi amene ana ambiri amaphonya.

Mwana amabayidwa liti?

Ali ndi miyezi 5, 6, 7, kenako 22. Ndi waulere, ndipo tsiku lililonse limalembedwa m'buku la mwana la kuchipatala. Pakati pa jakisoni wina ndi mnzake payenera kudutsa milungu yosachepera inayi.

Bwanji osangomubaya kamodzi mankhwala ambiri, zithe?

Chifukwa katemera sapha yekha tizilombo. Ntchito yake ndi kuonetsa thupi kachidutswa ka khungu la kachilombo ka malungo, Plasmodium falciparum, monga kamaonekera udzudzu ukangokalavulira m'magazi kasanafike kuchiwindi. Thupi ndi limene limapanga zida zogwirira kachilomboko, zotchedwa ma antibody, ndipo opanga ake ndi maselo a B omwe amabadwira m'kati mwa mafupa.

Apa panali chinthu chomwe chinazunguza akatswiri kwa zaka zambiri. Thupi limatha bwanji kupanga ma antibody a mitundu mamiliyoni osawerengeka, ena ogwira zinthu zomwe makolo athu sanakumanepo nazo? Yankho linapezeka m'maselo a mbewa. Mu 1976 Susumu Tonegawa, wa ku Japan, akugwira ntchito ku Basel m'dziko la Switzerland, anaonetsa kuti selo lililonse la B limadula DNA yake, yomwe ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'selo, n'kuilumikizanso mwa njira yakeyake. Pali magulu atatu a zidutswa za DNA, V, D ndi J, ndipo selo limatolapo chimodzi pagulu lililonse mwamwayi chabe. Munthu ali ndi zidutswa za V zogwira ntchito pafupifupi 40, za D zoposa 20, za J zisanu ndi chimodzi. Polumikizirapo pamaonjezekanso kapena kuchotsedwa tizidutswa tina, ndiye mitundu imachuluka kwambiri. Tonegawa analandira mphoto ya Nobel mu 1987 chifukwa cha zimenezi.

Choncho tsiku lomwe mwana wanu akubayidwa koyamba, m'thupi mwake muli kale maselo ochepa omwe mwamwayi amatha kugwira kachidutswa kaja. Vuto ndi lakuti amagwira molobodoka.

Ndiye kugwira molimba kumachokera kuti?

Mukudziwa mwanabere, kotupa kaja ka m'mphechepeche kapena m'khwapa munthu akakhala ndi bala? M'malo amenewa ndi m'kapamba ndi momwe maselo a B amasonkhana katemera akalowa. Amachulukana mothamanga, ndipo pochulukanapo amasintha dala zilembo za DNA yopangira antibody, mofulumira kuwirikiza pafupifupi miliyoni poyerekeza ndi mmene DNA imasinthira pena paliponse m'thupi. Kusinthako n'kongolasa mumdima. Maselo ambiri amatuluka atawonongeka kapena osasintha kanthu, ndipo amafa. Ochepa amene atulukira kagwiridwe kabwinoko amalanda anzawo kachidutswa ka katemera, amapeza thandizo la maselo ena oteteza thupi otchedwa T, n'kubwerezanso. Zili ngati telala wa pakhonde la sitolo: malaya amayamba aakulu, mumayesa, amapsatira apa, mumabweranso sabata yamawa, mpaka akukhalani.

Izi zinaonedwa pafupi kwambiri pa mbewa. Ku Cambridge m'dziko la England, gulu la César Milstein linabaya mbewa kamankhwala kotchedwa oxazolone, ndipo mu 1984 linalengeza zomwe linapeza. Patatha sabata imodzi, ma antibody ambiri anali osasintha, monga anabadwira. Patatha milungu iwiri anali ndi zosintha, zina zobwerezabwereza pamalo amodzimodzi, ndipo ankagwira molimba kuposa oyamba. Ku Cologne m'dziko la Germany, gulu la Klaus Rajewsky linkagwiritsa ntchito kamankhwala kena, NP. Iwo anapeza kuti kusintha kumodzi kokha, pamalo a nambala 33 pa puloteni ya antibody, pomwe kachidutswa ka puloteni kotchedwa tryptophan kamalowedwa m'malo ndi kena kotchedwa leucine, kunkawonjezera mphamvu yogwira kakhumi. Ine chimene chimandidabwitsa ndi chimenecho: kachinthu kamodzi pa mazana, kusiyana kwake n'kukhala kotere.

Mu 2000 gulu la Tasuku Honjo ku Kyoto m'dziko la Japan linaonetsa kuti puloteni yotchedwa AID ndi imene imayambitsa kusinthaku. Mbewa zopanda AID sizinkathanso kusintha ma antibody awo mwa njira imeneyi.

Ntchito yonseyi imatenga milungu. N'chifukwa chake kubwera ndi mwana patangopita masiku khumi, poti mwapeza njinga yopita kuchipatala, sikuthandiza, ndipo anamwino akakubwezani sikuti akukuchitirani nkhanza.

Mbewa si munthu. Tikhulupirire bwanji za mbewa pa mwana wanga?

Funso labwino, ndipo akatswiri enieniwo amadzifunsa. Si mbewa zokumba kumunda zija, ndi zoweta m'malabotale, za mitundu yodziwika monga BALB/c ndi C57BL/6. Ngakhale mitundu iwiriyi ili ndi zidutswa za V zosiyana, moti ikabayidwa chinthu chimodzi imatha kuyankha ndi ma antibody osiyana. Poyambira pamasiyana, kotero pothera pamasiyananso. Anthu ndiye tasiyana kuposa apo, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ana awiri obayidwa tsiku limodzi satetezedwa chimodzimodzi.

Mbewa zinatiphunzitsa mmene thupi limagwirira ntchito. Koma chiwerengero cha majakisoni sichinachokere kwa izo. Chinachokera ku kafukufuku wa ana oposa 15,000 m'mayiko asanu ndi awiri a mu Africa pakati pa 2009 ndi 2014, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo ake. Bungwe la WHO linavomereza katemerayu kuti agwiritsidwe ntchito ponseponse mu October 2021.

Atatu aja akwana, wachinayi ndi wa chiyani? Mwana wakula kale.

Ma antibody m'magazi amatsika miyezi ikamapita. Chotsala ndi maselo okumbukira, ndipo jakisoni wa pa miyezi 22 amawadzutsa kuti apangenso ambiri. Pa kafukufuku uja, kwa zaka zinayi, ana olandira onse anayi malungo anachepa ndi pafupifupi 4 pa 10 aliwonse, ndipo malungo aakulu ndi pafupifupi 3 pa 10. Kwa ana omwe analekezera pachitatu, phindu lopewa malungo aakulu silinaonekenso pofika kumapeto.

Chovuta chake tikuchidziwa. Pa miyezi 22 mwana akuthamanga yekha, mwina kumsana kuli kale mng'ono wake, bambo ali kunyanja kapena ku Joni, ndipo kuchoka m'midzi ina ya ku Makanjira kapena Namwera kukafika kuchipatala nthawi ya dzinja si masewera. Koma dzinja lomwelo ndi pamene udzudzu umachuluka m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe.

Tinaphonya tsiku. Tiyambirenso?

Ayi. Maselo okumbukira safafanizika chifukwa mwachedwa mwezi. Tengani buku, pitani kusikelo kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, apitirize pomwe munalekezera. Ngati banja lasamukira kudooko lina potsata usodzi, buku lomwelo likagwira ntchito kumeneko.

Mwana watentha thupi atabayidwa. Walowetsedwa malungo?

Mu katemerayu mulibe kachilombo kamoyo, choncho sangayambitse malungo. Kutentha thupi pang'ono ndi kutupa pobayidwa zimachitika ndipo zimatha m'masiku ochepa. Akakomoka, akakana kuyamwa, kapena kutenthako kukapitirira, thamangirani naye kuchipatala akamuyeze magazi.

Akamaliza onse anayi, neti tiichotse?

Musayerekeze. Mwaona nokha kuti 4 pa 10 si 10 pa 10. M'madera omwe anayamba kupereka katemerayu m'mayiko atatu aja, imfa za ana a msinkhu womulandira zinatsika ndi 13 pa 100 aliwonse, koma izi zinachitika katemera akuwonjezera pa maneti ndi mankhwala omwe analipo kale. Mwana azigonabe muneti usiku uliwonse, ndipo akatentha thupi akayezedwe tsiku lomwelo, kaya anabayidwa kanayi.