Kodi kamera yakalamba, kapena mwangotopa nayo?

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma, foni yanga siipuma. Ena amafuna ndiwajambule ukwati kapena chinkhoswe, poti ndalama zikayamba kuyenda kuno ku Kasungu maphwando nawonso amachuluka. Koma ena ndi ojambula anzanga, makamaka anyamata amene angoyamba kumene, ndipo funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, ndigulitse kamera yangayi ndigule yatsopano?"

Mwezi wathawu anabwera mnyamata wina wa ku Santhe atanyamula Canon 600D m'chikwama cha sukulu. Anali ataonera mavidiyo pa YouTube mpaka mtima wake wonse unali pa Canon R7. Ndinamuuza kuti andionetse chithunzi chimodzi chimene kamera yakeyo inalephera kujambula. Anasanthula mufoni n'kupeza zithunzi za perekaniperekani wa mu holo madzulo: nkhope zakuda, manja a anthu oponya ndalama ngati utsi. Nditayang'ana kamerayo ndinapeza kuti ikadali ndi lenzi ya 18-55 imene inabwera nayo m'katoni, ndipo flashi ndi kaja kamene kamatumphuka pamwamba. Vuto linalipodi, koma silinali pamene iye ankaloza.

Tiyambe ndi ma megapikiseli, muyeso wa kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, chifukwa ndi nambala imene ogulitsa amaikonda kwambiri. 600D inatuluka mu 2011 ndipo ili ndi ma megapikiseli 18. R7 ya mu 2022 ili ndi 32.5. Kumva chonchi munthu amaganiza kuti zithunzi zikongola kawiri. Koma taganizirani kumene zithunzi zathu zimathera. Chithunzi wamba cha 6 kwa 4 chimene timatsukira makasitomala chimangofuna ma megapikiseli awiri ndi pang'ono kuti chituluke chakuthwa. Cha A4, choika mu felemu pabalaza, chimafuna osapitirira 9. Zambiri zimathera pa WhatsApp ndi pa Facebook, kumene amazifinya mpaka zotsalazo n'zochepa kuposa pamenepo. Ndiye ngati mumajambula maukwati, ana omaliza sukulu ndi zithunzi za ziphaso, ma megapikiseli 18 ndi okwanira mpaka kutsalako. Ochuluka amathandiza munthu amene amadula chithunzi kwambiri, kapena wotsuka zikwangwani zazikulu. Kwa enafe amangodzaza memori khadi msanga ndi kutopetsa laputopu.

Chimene chinadetsa zithunzi za mnyamata uja ndi kuwala. Lenzi ya 18-55 ukaikokera kumapeto, pa 55, bowo lake lolowetsa kuwala silitseguka kuposa f/5.6. Lenzi yotsika mtengo ya 50mm f/1.8, imene Canon ndi Nikon onse ali nayo, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Kakhumi! Kusiyana kumeneku n'kokulirapo kuposa kumene mungapeze posintha 600D n'kugula R7 koma lenzi n'kukhala yomweyo. Ndipo mtengo wa 50mm ya Canon kunja ndi madola zana limodzi ndi pang'ono, pamene R7 inatuluka pa madola 1,499 yopanda lenzi. Chokhacho, pa kamera ngati 600D, imene sensa yake (kachipangizo kolandira kuwala m'kati) ndi yaing'ono, 50mm imakoka zinthu pafupi, moti m'chipinda chopanikiza mudzagunda khoma ndi msana musanakwanitse banja lonse. Za gulu mudzabwererabe ku lenzi yakale ija.

Pa magulu apo m'pamene flashi yeniyeni yoika pamwamba imagwira ntchito. Aphunzitsi a pa intaneti amati lozetsani flashi kudenga kuti kuwala kubwerere kofewa. Iwowo madenga awo ndi oyera komanso afupi. Ife matchalitchi ndi maholo athu ambiri ndi malata okhaokha, aatali, opanda siling'i, ndipo kuwala kukapita kumeneko sikubwerera. Lozetsani pa khoma loyera ngati lilipo, apo ayi mangirirani kakhadi koyera kumutu kwa flashiyo ndi mphira. Ine ndakhala ndikugwiritsa ntchito chidutswa cha katoni yoyera kwa zaka zambiri ndipo palibe mkwatibwi amene anadandaula.

Tsono musamve ngati ndikunena kuti makamera atsopano ndi chinyengo. Ayi ndithu. Pali zinthu zimene amachitadi bwino moti ukawagwira tsiku limodzi, yakale imakunyansa.

Chachikulu ndi mmene amapezera fokasi, kutanthauza malo amene chithunzi chimatuluka chakuthwa. 600D ili ndi madontho 9 okha a fokasi, ndipo lodalirika kwenikweni ndi lapakati. Makamera opanda kalilole m'kati, amene amatchedwa mirrorless, monga Sony A7 III ya mu 2018 kapena R7 ndi R10 za Canon, amazindikira diso la munthu n'kulikakamira ngakhale munthuyo akuyenda. Amene munajambulapo aperekezi akulowa mu holo ndi sitepi mukudziwa chimene ndikunena: mutu uku, phewa uko, wina watsika pansi, ndipo pa zithunzi makumi awiri zakuthwa zimakhala zisanu. Ndi kamera yotsata diso, zotaya zimakhala zochepa. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya anthu ovina, mpira kapena magule, apa pali chifukwa chomveka chotulutsira ndalama. Vidiyo nayonso chimodzimodzi: 600D imajambula 1080p, koma fokasi yake siitsata munthu pamene ukujambula, pomwe makasitomala a masiku ano amafuna kavidiyo kakafupi koponya pa TikTok usiku womwewo.

China chimene anthu sachilabadira ndi malo a makhadi awiri. Ine ndinaphunzira mowawa. Chaka china ndinajambula ukwati wonse ku Nkhamenya, kuyambira kutchalitchi mpaka kudula keke, pa khadi limene ndinagula motchipa pamsika. Pofika kunyumba kompyuta inangoti khadilo lilibe kanthu. Ndinapulumutsako theka ndi pulogalamu yobwezeretsa mafayilo, koma za malumbiro zinapita. Ndalama ndinabweza, koma nkhope ya mayi a mkwatibwi sindinaiiwale mpaka lero. Kamera yolemba chithunzi chilichonse pa makhadi awiri nthawi imodzi ikanandipulumutsa. R7 ndi A7 III zili ndi malo awiri, R10 ili ndi amodzi okha ngakhale ndi yatsopano, pamene Nikon D7000 ya mu 2010 inali nawo kale awiri. Mukuona kuti chatsopano ndi chofunika si chinthu chimodzi.

Nanga mtengo weniweni? Umene mumauona pa intaneti ndi mutu chabe, thupi lili m'madzi. Kamera imagulidwa ndi madola kapena marandi, ndipo kwacha yathu inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, pamene mtengo wojambulira ukwati sunakwere motero. Onjezanipo wobweretsa katunduyo ndi msonkho wa pa kasitomu. Kenako mabatire: a 600D salowa mu R7, ndipo mirrorless imadya moto kwambiri chifukwa sikirini ndi kowonera kake zimayaka nthawi zonse. Nikon D750 imatha kujambula zithunzi zoposa 1,200 pa batire limodzi. Ma mirrorless ang'onoang'ono ambiri safika ngakhale theka la pamenepo. Kwa munthu amene akukagona ku Chulu kapena ku Chamama masiku awiri, magetsi osadalirika, ndiye kuti mabatire atatu kapena anayi. Malenzi akale a Canon amalowa pa R7 ndi R10 kudzera pa adaputa, kachitsulo kolumikizira, ndipo amagwira bwino, koma adaputayo ndi yogula. A Nikon samalani: adaputa ya FTZ siiyendetsa fokasi ya malenzi akale a mtundu wa AF-D, mudzapotokola ndi dzanja. Mukachoka ku Canon kupita ku Sony ndiye kuyambiranso pafupifupi zonse. Pomaliza laputopu: mafayilo a RAW, a zithunzi zosakonzedwa, a makamera atsopano satseguka pa mapulogalamu akale, ndipo vidiyo ya 4K pa laputopu yofooka imayenda ngati ngolo ya ng'ombe m'matope.

Fumbi nalonso. Mu DSLR, kamera ya kalilole m'kati ngati 600D, sensa imabisala kuseri kwa kalilole ndi shutter, kachitseko kamene kamatseguka pojambula. Mu mirrorless zambiri ukangochotsa lenzi sensa ili pamtetete. Sinthani lenzi pa bwalo mu October, kamvulumvulu akudutsa, mudzaona timadontho pa thambo la chithunzi chilichonse. Ndipo kamera yatsopano ikafa bodi ya zamagetsi ya m'kati, amisiri a mafoni a pa msika sangaithe. Nthawi zambiri imayenera kutumizidwa kunja, inu ntchito itaima.

Njira imene ndimalangiza ambiri ndi yapakati. Chiyambire 2018, pamene Canon ndi Nikon anatulutsa ma mirrorless awo a EOS R ndi Z6, ojambula akunja akhala akugulitsa ma DSLR awo, ndipo Nikon sanatulutsenso DSLR yatsopano kuchokera mu 2020. Zotsatira zake n'zakuti makamera amene anali a akatswiri, monga Canon 6D ndi 5D Mark III za mu 2012 kapena D750 ya mu 2014, akupezeka pa kaunjika pa mtengo wotsika kwambiri. Onsewa ali ndi sensa yaikulu, ya full frame, imene imapirira mdima bwino kuposa ya 600D. Dziwani kuti malenzi a Canon olembedwa EF-S, kuphatikizapo 18-55 ija, salowa pa 6D kapena 5D, koma 50mm imalowa. Pogula funsani shutter count, imene ili ngati mailosi a galimoto: 5D Mark III inapangidwa kuti ipirire pafupifupi 150,000, ndiye ya 30,000 ikadali mwana, ya 140,000 muikane kapena mutsitse mtengo kwambiri. Unikani lenzi ndi tochi ya foni. Mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude m'kati, ndi nkhungu yobwera ndi chinyezi cha dzinja, isiyeni. Ndipo musatumize ndalama pa foni kwa munthu wa pa Facebook musanaigwire kamerayo m'manja.

Okonda zinyama ndi mbalame nkhani yawo ndi ina. Chisamutsireni njovu 263 kuchokera ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park mu 2022, anthu ambiri akupita ku Lifupa, m'pakimo, ndi makamera. Kumeneko chofunika choyamba ndi lenzi yaitali, 300mm kapena kuposa, chifukwa njovu siyandikiridwa. Mukakhala nayo kale lenziyo n'kumaphonyabe mbalame ikuuluka, pamenepo R7 ili ndi ntchito, poti imatsata diso la nyama ndipo ma megapikiseli ake amalola kudula.

Mnyamata wa ku Santhe uja ndinamubwereka 50mm yanga ndi flashi yakale kuti akayese pa chinkhoswe cha Loweruka lotsatira. Lolemba anabwera akumwetulira, zithunzi za perekaniperekani zikuoneka mpaka nambala ya pa ndalama. Anandionetsanso za sitepi, zambiri zosagwira fokasi, n'kundiyang'ana ngati akuti mwaonatu. Ndinamuvomereza kuti pamenepo kamera ndi imene yalephera. Tinagwirizana kuti chaka chino agule lenzi, flashi, batire lachiwiri ndi makhadi awiri enieni, ndipo azilemba m'kope ntchito iliyonse imene wataya kapena waikana chifukwa cha kamera. Kopelo tidzaliwerenga limodzi msika wa fodya ukadzatsegulidwanso. Flashi yanga sanabwezebe.