Injini ikungolira mokweza galimoto itaima? Musathamangire sikuluu

Galimoto yakale ngati Corolla ya injini ya 5A-FE ikatentha bwino, muvi wa rev umayenera kukhala pakati pa 700 ndi 900. M'mawa ikangolizidwa imakwera mpaka 1200 kapena 1500, zimenezo si vuto, imatsika yokha pakapita mphindi zingapo. Vuto ndi pomwe mwayenda kale mtunda koma mukaima ikungolirabe pa 1500, mafuta akungopita, ya otomatiki mukaika pa D ikugunda n'kumafuna kunyamuka yokha.

Ambiri apa amangotenga sikuludiraiva n'kupotokola sikuluu ya idling, kutanthauza kaliridwe ka injini galimoto itaima. Ayi ndithu. Sikuluu siisuntha yokha, ndiye ngati idling yakwera pali china chasintha, mwina injini ikumeza mpweya wodutsa pambali kapena ikuganiza kuti ikadali yozizira.

Yambani ndi zosalira ndalama. Onani ngati kapeti sakupanikiza pedulo, kenako tsegulani boneti mugwire kebulo ya akisileta, imafunika kukhala yolendewera pang'ono osati yokungika ngati nsambo ya gitala. Mukatero mvetserani injini ili chilirire, kaphokoso ka "tsiii" ndi mpweya ukulowa pobooka. Timapaipi tarabala ta vacuum timauma ndi zaka n'kung'ambika kumapeto kwenikweni komwe tavekedwa, pansi pomwe diso silifika, ndiye muzitipinda ndi chala. Paipi yonenepa yopita ku booster ya mabuleki, chija chimafewetsa pedulo ya buleki, ifinyeni ndi pulayazi, idling ikatsika ndiye kuti booster ikudontha mpweya. Gasiketi ya manifold, mapaipi olowetsa mpweya mu injini, timaiyesa popopera mankhwala otsukira kabureta a carb cleaner pang'ono m'mbali mwake, kaliridwe kakasintha mwapapeza, koma samalani mankhwalawa amayaka.

Tsopano nkhani ya thermostat, kavalavu kotsekera madzi kuti asapite ku redieta injini isanatenthe, apa mpomwe ndimakangana ndi amakanika anzanga. Galimoto ikangotentha kamodzi amaichotsa n'kuitaya ati kuno n'kotentha siifunika. Zotsatira zake madzi amangozungulira mu redieta osafika pa madigiri 80 ndi kuposerapo pomwe injini imagwira bwino ntchito, sensa yoyeza kutentha kwa madzi imauza kompyuta kuti kukuzizirabe, kompyuta imawonjezera petulo n'kutsegula valavu yolowetsa mpweya wa idling, tsiku lonse. Ngati muvi wa temperecha sufika pakati, makamaka potsetsereka, bwezeretsani thermostat. Madzi ochepa kapena mpweya wotsala m'mapaipi a madzi zimapusitsanso sensa yomweyo, nthawi zina idling n'kumakwera n'kutsika.

Valavu ya idling ija, IAC, ili pa throttle body, pomwe pamafikira kebulo ya akisileta, ndipo imamatidwa ndi mwaye mpaka kukanirira ili yotsegula. Kuimasula n'kuitsuka nthawi zambiri kumakwanira, musafulumire kugula ina. Pa galimoto za kabureta onani choke, kachitseko kochepetsa mpweya injini ikazizira, ngati ikutseguka yonse injini ikatentha.

Pa Toyota zakalezi simufunika makina, lumikizani timabowo ta TE1 ndi E1 m'kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS ndi kawaya, tsegulani kiyi osaliza, muwerenge kuphethira kwa getsi la check engine pa dashibodi. Kawiri, kupuma, kawirinso, ndiye nambala 22, yosonyeza vuto la sensa ya madzi kapena mawaya ake.