Kuiwala pambuyo pa sitiroko si kulodzedwa

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva nkhani yomweyi, kaya pamaliro ku Chinamwali, kaya mu minibasi yopita ku Jali. Akuti munthu amene anadwala sitiroko akayamba kuiwala mayina a ana ake, kapena kusochera pamudzi pake pomwe, ndiye kuti amulodza kapena zizimba zamutembenukira. Zimandipweteka mtima, chifukwa ambiri onenedwawo ndi makolo athu.

Sitiroko imachitika mtsempha wa magazi mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika. Mbali yomwe yasowa magazi imafa. Madokotala akajambula ubongo ndi makina a CT kapena MRI, malo owonongekawo amaoneka. MRI imaonetsanso timitsempha ting'onoting'ono todwala, timabala takale tomwe mwiniwake sanatimve n'komwe, ndi ubongo womwe wayamba kufota. Ofufuza anapeza kuti amene zizindikirozi zawachulukira ndiwo kawirikawiri nzeru zimawafookera pambuyo pake. Pafupifupi mmodzi mwa anthu 10 amayamba matenda oiwalaiwala atangodwala sitiroko koyamba, ndipo ikabwereza amaposa mmodzi mwa atatu. Komatu si onse ayi.

Mukhoza kufufuza nokha. Kumbukirani kuti kuiwalako kunayamba liti, onani zomwe zinalembedwa m'buku lawo la kuchipatala, ndipo kafunseni adokotala. Akayezetsenso BP ndi shuga, pakuti zimawononga mitsemphayi mwakachetechete.

Chonde abale anga, nkhani yomwe mwangoimva kumsika kapena pa WhatsApp musaifalitse musanafunse achipatala.