Akabaza, magolovesi muzigulira kugwa osati kuzizira

Ine ntchito yanga ndi yotsuka mabala kuchipatala kuno ku Salima, ndiye manja a akabaza ndawaona ambiri. Munthu akamagwa panjinga yamoto choyamba kufika pansi chimakhala chikhatho, thupi limangoponya lokha manja kutsogolo osakufunsani. Achimwene ena anagwa pa M5 cha ku Khombedza galu atawadutsa kutsogolo, helemeti anavala mutu unali bwinobwino, koma zikhatho zonse ziwiri zinasupuka moti tinakhala nthawi yaitali tikutola timiyala m'kati mwa nyama ndi kapani. Masabata awiri nsima ankawadyetsa ndi akazi awo, njinga ili pakhonde, ndalama ya abwana osapereka. Zimandipweteka chifukwa bala ngati limenelo limapeweka.

Ambiri mumagula magolovesi mwezi wa June mwera ukayamba, aubweya aja apakaunjika kapena otukumuka opangidwira kumayiko achisanu. Amafundadi koma akakhudza phula amang'ambika pompo, ndipo a nayiloni akakhulika kwambiri amasungunuka n'kumatirira pabala, ife kuti tichotse zimenezo mumalira ngati mwana.

Ndiye pogula yambani mwatembenuza muone pachikhatho. Pakhale chikopa, cha mbuzi chimafewa msanga ndipo buleki ndi kilatchi mumazimva bwino, cha ng'ombe n'chokhuthalako. Cha m'munsi mwa chikhatho pakhale chigamba chachiwiri kapena kapulasitiki kolimba koti dzanja litsetsereke pansi osati kukakamira, chifukwa pamfundo ya dzanja kumunsi kwa chala chachikulu kuli kafupa kotchedwa scaphoid, kamathyoka munthu akagwera chikhatho ndipo magazi amafikako pang'ono ndiye kamachedwa kupola, chikhakha mutha kukhala nacho masabata 6 kapena kupitirira.

Chachiwiri ndi kalamba komangira pamkono. Valani, mangani, kenako muuze wogulitsayo akoke kuzala. Akavuka asiyeni pomwepo ngakhale akhale okongola bwanji, pangozi adzavukanso chimodzimodzi. Oduka zala aja ine sindiwawerengera n'komwe.

Saizi muyese mutagwira handulo, osati dzanja lili lotambasula. Zala zisagunde kumapeto komanso zisatsale mpata woti n'kukola pa kilatchi, ndipo othina kwambiri amachititsa dzanzi musanafike ndi ku Senga Bay komwe. M'kati mukapeza kalebo kolembedwa CE ndi EN 13594, Level 1 kapena Level 2, ndiye kuti anayesedwa ngati a njinga yamoto, Level 2 ndi olimbirapo, ngakhale kalebo anthu amatha kungosokerera ndiye kokaninso misoko muone ngati ulusi ukuseguka.

Za kutentha ndikudziwa, October kuno thukuta limachita kuyenderera m'zala. Funani achikopa obowolabowola kapena a nsalu yamaukonde pamwamba koma chikopa pachikhatho, madzulo muziwayanika pamthunzi chifukwa padzuwa kapena pafupi ndi mbaula chikopa chimauma gwa n'kuyamba kusweka.