Mjigo ukafa, kalembetseni ku VDC kolera asanafike

Kolera amene anayambira m'boma la Machinga mu Malichi 2022 anafalikira m'maboma onse a dziko lino ndipo anapha anthu opitirira 1,700. M'midzi yambiri anthu ankadziwa kale pomwe panali vuto: mjigo wakufa miyezi ingapo, amayi akutunga pachitsime cha kudambo pomwe ng'ombe zimamwera, msika wopanda chimbudzi. Koma madandaulowo ankathera pamaliro ndi pabawo, osafika pa pepala la khonsolo.

Njira yofikira kukhonsolo ilipo. Kuyambira mu 1998, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu, mapulani a chitukuko, kuphatikizapo a zaumoyo, amayenera kuyambira kumudzi. Komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, VDC, imakhala pansi ndi anthu n'kulemba mavuto awo mu pulani ya m'mudzi yotchedwa VAP, kuyambira ndi lomwe lawapweteka kwambiri. Pulaniyo imapita ku ADC, komiti ya dera la mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo komwe makhansala amakambirana bajeti. Mafumu amangokhala alangizi a makomitiwa. Wapampando amasankhidwa ndi anthu eni ake. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, choncho wobwera ndi dandaulo mochedwa amapeza bajeti itatsekedwa.

Pa nkhani za umoyo, poyambira penipeni ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, yomwe imagwira ntchito ndi mlangizi wa zaumoyo, uja amayeza ana kusikelo. Iyeyu ali ndi kaundula wa mudzi wanu. Mufunseni kuti makomo angati alibe chimbudzi, angati ali ndi mpondagiya, ndi ana angati anatsegula m'mimba mwezi watha. Manambala amenewa ndiwo amamveka ku ADC. Kungoti "kwathu madzi ndi vuto" sikukwanira, poti mudzi uliwonse ukunena zomwezo. Nenani kuti mjigo wake ndi uti, unafa liti, ndipo mabanja angati akumwa zakudambo.

Pachipatala chaching'ono palinso komiti yoyang'anira chipatala, HCMC, momwe muli anthu a m'midzi yozungulira. Imodzi mwa ntchito zake ndi kuchitira umboni mankhwala akafika, kuti makatoni awerengedwe pamaso pa anthu. Ngati mankhwala a malungo atha msanga, kapena mayi woyembekezera walankhulidwa mwachipongwe, kauzeni komiti imeneyi.

Chodetsa nkhawa n'chakuti misonkhano ya VDC nthawi zambiri imadzaza ndi abambo, pamene otunga madzi ndi ogonera ana kuchipatala ndi amayi. Amayi, pitani mukalankhule nokha, ndipo achinyamata ndi anthu aulumali asasiyidwe. Msonkhano ukatha, pemphani mlembi awerenge mokweza zomwe walemba, mumve ngati mjigo wanu ulimo. Pakapita mwezi, funsani khansala wa dera lanu kuti pempholo lafika pati.

Poyembekezera kuti mjigo ukonzedwe, thirani klorini m'madzi akumwa kapena awiritseni, ndipo sambani m'manja ndi sopo. Munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzimadzi, mumwetseni Thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala, akumwabe m'njira.