Musamasule hedi musanayeze

"Hedi gasiketi yapsa." Mawu awa ndatopa nawo. Oyilo akangodontha pansi pa minibasi, kapena singano ya kutentha ikangokwera pang'ono, chigamulo chimakhala chomwechi, ndipo dzuwa lisanalowe hedi ili kale pa chiguduli popanda woyezapo kanthu. Abale anga eni galimoto za dizilo, kumasula hedi, chitsulo chovindikira masilinda chimene chimamangidwa pa buloko ndi gasiketi pakati, ndi ntchito yomalizira, osati yoyambira.

Oyilo amatsetsereka, ndipo mphepo ya fani ndi ya pamsewu imamukankhira kumbuyo. Pamene mwapeza dontho si pamene pali bowo. Tsukani injini ndi palafini ndi burashi, iume, muwaze paudala wa ana m'malo onse okayikitsa. Ilizeni mphindi 10 kapena 15, kenako muunike ndi tochi kuyambira pamwamba. Malo onyowa amene ali pamwamba kuposa ena onse ndiwo gwero. Kawirikawiri imakhala gasiketi ya top cover, chivindikiro cha pamwamba pa hedi, imene yauma ndi kutentha. Oyilo wake amatsika n'kuyenderera motsata mzere umene hedi imakumana ndi buloko, munthu n'kulumbira kuti ndi hedi gasiketi. Pa injini za Toyota za 2L, 3L ndi 5L, zimene zili m'ma Hiace ambiri, suzumiraninso kumbuyo kwa alternator: kuli vacuum pump ya mabuleki yokhala ndi timapaipi ta oyilo, ndipo tikakalamba timang'aluka. Palinso switch ya oyilo, mapaipi a turbo ngati ilipo, silo (kamphira kotsekereza oyilo) ya kuseri kwa pulley, ndi silo ya kumbuyo imene imadonthera polumikizira giyabokosi. Masilo angapo akayamba kudontha nthawi imodzi, musathamangire kugula atsopano. Onani paipi yopumira injini ya pa top cover. Ikatsekeka, mpweya umadzadza mkati n'kumakankha oyilo paliponse pofooka, ndipo silo yatsopanoyo idzadonthanso.

Imene imandiwawa kwambiri ndi nkhani ya oyilo wopezeka m'rediyeta. Dalaivala watsegula chivindikiro m'mawa, wapeza phala lakuda bii likuyandama pamwamba pa madzi. Injini sikuwira, utsi woyera palibe, mphamvu ili nazo. Komabe amauzidwa kuti agule gasiketi, akasikimitse hedi (kuipala pa makina kuti iwongoke), minibasi n'kugona pa galaja masiku osalowetsa ndalama. Aimanga, ayenda pang'ono, phala lija labwereranso. Vuto silinali ku hedi n'komwe. Injini ya dizilo ili ndi oil cooler, momwe oyilo ndi madzi amadutsa moyandikana, atangolekanitsidwa ndi kachitsulo kopyapyala ndi ma O-ring. Injini ikamayenda kupanikizika kwa oyilo kumafika 3 kapena 4 bar pamene kwa madzi kuli cha pa 1 bar, ndiye kachitsuloko kakadyedwa ndi dzimbiri, oyilo ndi amene amalowerera m'madzi. Masulani cooler, tsekani mbali imodzi, muipopere mpweya ili m'beseni la madzi. Thovu likatuluka, mlandu watha. Ntchito yaing'ono chonchi ndi imene anthu amailumpha n'kukataya ndalama zambiri pa hedi yosalakwa.

Zoyera ngati chambiko pansi pa chivindikiro cha oyilo nazonso si umboni pazokha. M'miyezi yozizira ya June ndi July galimoto yongoyenda timaulendo tifupitifupi imapanga zimenezi chifukwa cha nthunzi. Koma oyilo wa pa dipstick akaoneka ngati tiyi wamkaka, mlingo wake utakwera, musalizenso injiniyo. Akakwera koma ali wamadzimadzi, akununkha dizilo, kayang'aneni pampu ndi ma injekita.

Gasiketi yopsadi imadziulula m'mawa injini ili yozizira, ndipo ndi nthawi yokhayo yotsegulira rediyeta. Dzazani madzi mpaka pakhosi, lizani. Thovu lotuluka mosalekeza, lochuluka mukaponda mafuta, ndi mpweya wa m'silinda umene ukuthawira m'madzi. Tsekani chivindikiro cha rediyeta, mugwire paipi ya pamwamba: ikauma gwa mphindi ziwiri zisanathe, madzi asanafunde n'komwe, chizindikiro ndi chomwecho. Utsi woyera wosatha ngakhale injini itatentha, madzi akuchepa popanda podonthera, nawo ndi woopsa, ngakhale pa injini zatsopano EGR cooler, choziziritsira utsi wobwerera m'injini, ikabooka imachitanso chimodzimodzi. Utsi woyera wotsukwinya m'maso, wonunkha dizilo, ndi mafuta osapsa bwino, limenelo ndi vuto lina.

Tsimikizani ndi zida. Popani rediyeta kufika pa nambala yolembedwa pa chivindikiro, 0.9 kapena 1.1 bar, muone ngati singano ikutsika m'mphindi 15. Mankhwala a buluu oyezera mpweya wa m'rediyeta amasanduka obiriwira pa dizilo, koma injini ikangolira pang'onopang'ono akhoza kukunamizani kuti zili bwino, choncho muiponde. Compression, kupanikizika kwa mpweya m'silinda, iyezedwe podzera m'mabowo a ma heater plug (otenthetsa silinda poliza injini yozizira), ndi geji ya dizilo, chifukwa ya petulo siifika. Pa 3L yabwino mumapeza cha pa 32 kg/cm², isatsike pa 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Awiri oyandikana akatsika limodzi, gasiketi yaduka pakati pawo.

Zikatsimikizika, imitsani galimoto tsiku lomwelo. Izi ndikunena mochonderera. Zoti "tingomaliza sabata ino" ndi zimene zapha injini zambiri. Usiku madzi amadonthera m'silinda, ndipo pa 3L malo otsala pisitoni ikafika pamwamba safika 35 ml, masupuni akuluakulu atatu a madzi adzaza kale. Madzi sapanikizika. Sitata ikangozungulira pang'ono n'kuima gwa m'mawa, musanene kuti ndi batire, ndipo chonde musaikankhe kuti ilire, mudzapinda conrod, mkono wa pisitoni. Masulani ma heater plug, muzungulitse, muone silinda yolavula madzi. Madzi olowa mu oyilo nawo amadya ma bearing, mapeto ake injini yanoka.

Samalaninso ndi okuuzani kuthira dzira laliwisi, tsabola kapena mankhwala otsekera mabowo m'rediyeta. Mpweya wa m'silinda ya dizilo sungatsekedwe ndi dzira. Chimene chimatsekeka ndi timipata ta rediyeta, injini n'kuwira kuposa kale. Wokuuzani kuti mutaye thermostat akubisa matenda. Ndipo injini ikawira pokwera Chiweta kapena mapiri a ku Thabwa pochokera ku Chikwawa, musaithire madzi ozizira pomwepo. Hedi imang'aluka, makamaka ya aluminiyamu ngati ya injini ya Toyota 1KZ. Imani, dikirani izizire.

Hedi ikatsika, isangopukutidwa ndi sandipepala n'kubwezedwa. Iyezedwe kupindika ndi chitsulo chowongoka ndi feeler gauge, timalata toyezera mpata, motsata buku la injiniyo, ipitenso kukayezedwa ming'alu, chifukwa mng'alu wa pakati pa ma valve umaonetsa zizindikiro zofanana ndendende ndi gasiketi yopsa. Gasiketi za dizilo zimasiyana kunenepa, n'chifukwa chake zili ndi timabowo kapena timano m'mbali, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene pisitoni imatumphukira pamwamba pa buloko. Yopyapyala kwambiri, pisitoni idzagunda hedi. Silicone asayandikire. Mabowo a mabawuti aumitsidwe, chifukwa oyilo kapena madzi otsalira pansi akhoza kung'amba buloko pomanga. Mabawuti otanuka asinthidwe, ndipo amangidwe ndi torque wrench kuyambira pakati kupita kunja, pamodzi ndi madigiri amene buku lanena, osati ndi paipi ndi mphamvu za pamapewa.

Musatuluke pa galaja musanadziwe chimene chinawiritsa injiniyo: rediyeta yotsekeka, fan clutch yofooka, water pump, kapena chivindikiro chakutha. Mukatero tsukani njira zonse za madzi, musinthe oyilo ndi fyuluta, ndipo muthire coolant, osati madzi a pa mjigo amene amasiya miyala ndi dzimbiri mkati.